Kwa Iwo Amene Anyoza Maphunziro a Mbiri ya Anthu Akuda

Alipo anthu ena ku America, ena a iwo ophunzira ndithu, amene anena kuti maphunziro a mbiri ya anthu akuda m'mayunivesite ao ali achabe. Ati anabadwa m'phokoso la anyamata osamvera, ndipo ntchito yao ndiyo kuutsa udani. Ine ndikana mau amenewa.

Phokoso linalipodi, sindibisa ai. Pa 6 November 1968 ophunzira a San Francisco State College anakana kulowa m'makalasi, nakhala chomwecho kufikira March 1969, apolisi alikuwamenya ndi kuwamanga mazanamazana. Potsiriza akulu a sukuluyo analola kuti pakhale dipatimenti ya Black Studies, yoyamba m'dziko lonselo. Koma kodi mwana akalirira nsima, tidzati njala yayamba ndi kulira kwakeko?

Njalayo inali yakalekale. Taonani Carter G. Woodson, wobadwa kwa makolo amene anali akapolo, amene anakumba malasha ku West Virginia asanalowe sukulu ya sekondale. Munthu ameneyu analandira digiri ya udokotala ku Harvard m'chaka cha 1912, naona kuti mabuku a mbiri sachula anthu a mtundu wake koma monga katundu wa eni minda. Tsono m'1915 anayambitsa bungwe lofufuza mbiri yao, m'1916 magazini yake, ndi m'1926 sabata lokumbukira mbiriyo m'mwezi wa February. W. E. B. Du Bois nayenso, m'buku lake Black Reconstruction la 1935, anaonetsa kuti akapolo omasulidwa, itatha nkhondo ya 1861 mpaka 1865, anakhala m'nyumba za malamulo nathandiza kukhazika masukulu a boma m'zigawo za kummwera, momwe ana a azungu osauka omwe anaphunziramo. Akatswiri ambiri a mayunivesite aakulu analinyalanyaza bukulo zaka zambiri. Chimene anapempha ana aja a 1968 ndicho kuti mabuku olembedwa kale atseguliridwe chitseko.

Nanga udaniwo uli pati? Ine ndaima pa bolodi zaka zambiri, ndipo sindinaone mwana wosanduka woipa chifukwa chomva dzina la agogo ake. Amene ndawaona ndiwo ana ochita manyazi ndi kwao, pakuti palibe buku linawauzapo kuti kwao kunachitika kanthu. Komabe m'January 2023 akulu a maphunziro ku Florida anakaniza masekondale ao phunziro lina lotere, nati lilibe phindu lokwanira.

Ndipo tisayese kuti nkhaniyi ili ya kutsidya kokha. John Chilembwe anaoloka nyanja m'1897, nakaphunzira ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia, pa sukulu yomangidwa ndi Abaptisti akuda, nabwerako m'1900 kudzayamba ntchito yake ku Mbombwe. Wofuna kudziwa chimene anamva ndi kuona kumeneko adzafunsa kwa yani, ngati maphunziro amenewa atsekedwa?