Nyumba ya bwalo lalikulu pa Chonde: gulani ndi miyendo

Amalonda ambiri akapeza phindu la nandolo kapena la kaunjika amayamba kulota za nyumba, ndipo pa Chonde maloto amenewa ali ndi chifukwa. Malowa ali m'mbali mwa msewu wa phula, Luchenza ili pafupi, komanso chaka chilichonse mu Okotobala mwambo wa Mulhako wa Alhomwe umadzaza malowa ndi alendo ofuna pogona ndi podyera. Ogulitsa akudziwa zimenezi. N'chifukwa chake mawu oyamba amene mudzamve ndi akuti "bwalo lake ndi lalikulu."

Ine ndikuti kukula kwa bwaloko ndiye kukuchenjezeni. Mulanje ndi boma lothithikana, minda ya tiyi inatenga malo ambiri, ndipo banja silisiya ekala yathunthu popanda chifukwa. Funsani kuti malowo ndi a ndani kwenikweni. Kuno ambiri amatsata chikamwini: nthaka ndi ya kuchikazi. Bambo akhoza kukhala kuti anaumba njerwa ndi kukhoma malata ndi ndalama zake, koma pansi pamene nyumbayo yakhala ndi pa mbumba ya mkazi wake. Mukalipira bambo yekhayo, mawa mudzaona amalume ndi alongo atafika ndi makasu kudzalima kuseri kwa khitchini yanu. Pa tsiku lolipira pakhale mayi wa pakhomopo, mwinimbumba, amfumu ndi oyandikana nawo mbali zonse, ndipo onse asayine kapena kudinda chala. Ngati akuti malowo ali ndi lizi, pepala lake mukalitsimikize ku ofesi ya za malo musanatulutse ngakhale K1.

Malire muwayende nokha. "Kufika pa mango paja" si muyeso, mtengo umadulidwa. Ekala imodzi ndi pafupifupi mamita 64 mulitali ndi 64 mulifupi, choncho tengani tepi muyeze. Ngati ploti yagundana ndi msewu waukulu, chotsani mamita 30 kuchokera pakati pa msewu, chifukwa amenewo ndi a msewu, ndipo golosale yomangidwa pamenepo a Roads Authority akhoza kuigwetsa. Nthawi zambiri gawo lomwe lakukopanilo ndi lomwelo.

Kenaka madzi. Amene anaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 safunika kuuzidwa. Bwalo looneka bwino mu Seputembala likhoza kukhala dambo mu Febuluwale. Yang'anani mzere wa chinyontho m'munsi mwa khoma, ndipo funsani amayi otunga madzi pa mjigo, osati wogulitsa.

Nyumbayo payokha siivuta kuiweruza. Palani pang'ono pakati pa njerwa muone ngati anamangira simenti kapena dothi, gogodani mitengo ya denga kuti mumve ngati chiswe chinalowa, ndipo penti watsopano pa khoma limodzi lokha mum'kayikire.

Pokambirana mtengo, werengani nyumba payokha, bwalo palokha. Bwalo lalikulu limadya: mpanda, kulambula, mwina ndi mlonda. Ngati mulibe ndalama zomangirapo zipinda za lendi kapena mosungiramo katundu m'zaka ziwiri zikubwerazi, ndiye kuti mwakwirira mpamba wanu m'nthaka, ndipo nyengo ya nandolo ikadzafika mudzakhala mukukongola katapila kuti mupikule matumba khumi.