Za Oyendetsa Ndege Onyanyala Nchito, ndi Ife Amene Tiwaseka

Kuli mau amene amveka kawiri kawiri kuno ku Mchinji, pa Kamwendo, pa Mkanda, ngakhale pakati pa aphunzitsi anzanga, wailesi ikalengeza kuti oyendetsa ndege a ku South Africa anyanyala nchito. Anthu amati, Awo akhuta. Alirira ciani munthu wolandira ndarama zimene mlimi wa mtedza sadzaziona? Ndifuna kutsutsa mau amenewa poyera, pakuti ngakhale amveka ngati ocitira cifundo osauka, opindula nao ndiwo olemba anchito.

Tiyambe taona nkhaniyo monga inacitikira. Pa 5 Disembala 2024 oyendetsa ndege a South African Airways analeka nchito. Poyamba anapempha kuti malipiro ao akwere ndi magawo 30 pa 100, pambuyo pace anatsika kufikira 15.7, pamene kampani inaima pa 8.46, ndipo atapita masiku awiri, kampani itaonjezapo pang'ono, anabwerera. Sindibisa kuti 30 uja anali wocuruka ndithu kwa kampani yongodzuka kumene pa mphasa ya matenda; koma ali yense wogulitsa ng'ombe adziwa kuti mtengo woyamba kuuchula suli mtengo wogulitsira.

Mlandu wa kampani ina, FlySafair, ndiwo utiphunzitsa koposa. Mu Julaye 2025 oyendetsa ndege ace a m'bungwe la Solidarity anacenjeza kuti adzanyanyala tsiku limodzi lokha. Kampani inayankha ndi kuwatsekera kunja masiku 7, ndipo mkangano unakula kufikira pa 1 Ogasiti, litalowererapo bungwe la CCMA, limene liyanjanitsa anchito ndi owalemba m'dziko lija. Pa ndarama iwo anafuna 10.5, kampani inati 5.7. Koma cimene cinawawawa mtima kweni kweni ndico kagawidwe katsopano ka maulendo, kamene kanamsiya munthu osadziwa tsiku limene adzapumula, kapena Sabata limene adzakhala pamodzi ndi ana ace. Pomaliza analandira 6 pa caka coyamba, ndiko kuti pang'ono pokha pamwamba pa cimene kampani inanena kale, pamodzi ndi pangano lolembedwa la masiku opumula. Kodi munthu waumbombo angataye masiku 12 a nchito cifukwa ca kusiyana kwakung'ono kotere? Iai, abale, anthuwa analikumenyera tulo.

Tsono tulo ta woyendetsa ndege tiri ndi nchito kwa yani? Kwa ana athu omwe, amene anapita ku Joni ndi ku Cape Town, nakwera ndege zomwezo. Woyendetsa basi akayamba kuodzera pa mseu wa ku Lilongwe, angathe kuima pa Namitete nasamba m'maso. Woyendetsa ndege alibe pokhotera. Akuru akumbukira caka ca 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa pa Francistown, nipha anthu athu oposa 70 ocokera ku migodi. Cifukwa cace cinali mafuta osokonezeka, si tulo ai. Koma kuyambira pamenepo palibe Mmalawi ayenera kunena kuti zocitika m'ndege ziri kutali ndi iye.

Ena anena kuti mabungwe a anchito ndiwo apha makampani, natikumbutsa kuti Zambia Airways yoyamba inatha mu 1994, Air Malawi mu 2013, ndi kuti South African Airways yomwe inaperekedwa m'manja mwa oipulumutsa mu Disembala 2019. Cabwino, titenge yotsirizayi, popeza mlandu wace unafufuzidwa poyera. Gawo loyamba la zimene anapeza woweruza Zondo, loturuka mu Januwale 2022, linaonetsa kuti kampaniyo inadyedwa kucokera pamwamba, ndi ziphuphu ndi utsogoleri woipa. Nanga anapfuula ndani zinthu zisanafike pamenepo? Bungwe la oyendetsa ndege lomwelo, SAAPA, pamodzi ndi bungwe la OUTA, linatengera Mai Dudu Myeni, amene anali mkuru wa akomiti oyang'anira kampani, ku bwalo lalikuru la Pretoria. Ndipo mu Meyi 2020 bwalo linalamula kuti asakhalenso woyang'anira kampani iri yonse masiku onse a moyo wao. Woyendetsa ndege mmodzi akadayesa kucita ici pa yekha, akadacotsedwa nchito m'mawa mwace. Cala cimodzi siciswa nsabwe.

Koma tibwere kwathu, pakuti apa ndipo pagona nkhawa yanga. Kumayambiriro kwa 2021 aphunzitsi a m'bungwe la TUM ananyanyala nchito, pofuna ndarama ya ciopsezo ca nthenda ya Covid-19. Mukumbukira zimene anthu ananena? Mau omwe aja: Alirira ciani, iwo alandira mwezi ndi mwezi? Mlimi anaseka mphunzitsi monga mphunzitsi aseka woyendetsa ndege, yense kuyang'ana mbale ya mnzace wa pamwamba pace. Caka comweco Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la anchito, kuti wonyanyala alipidwe masiku 3 okha pa caka, ndi kuti pa masiku oposa amenewo womlemba angathe kumdula malipiro. Lamulo limenelo silifunsa kuti munthu alandira zingati. Ligwira namwino, ligwira mlonda wa pa sitolo, ligwira wosankha fodya m'cigafa. Ndipo ligwira wosauka kolimba koposa, popeza woyendetsa ndege ali nako kanthu kosungira kamene kangamfikitse masiku 12, pamene wa pa esiteti akaphonya malipiro a sabata limodzi, ana agona ndi njala.

Mu 2021 momwemo linalembedwanso lamulo loletsa ulimi wa matenanti, ndipo tinakondwera, pakuti boma lino la Mchinji liudziwa bwino ulimi umenewo. Koma lamulo liri pa pepala ku Lilongwe, ndipo minda iri kutali, kuseri kwa Kapiri ndi Mkanda, kumene mkuru woona za nchito safika tsiku ndi tsiku. Amene angalikumbutse kumeneko ndiwo anchito eni ace, atagwirizana m'bungwe lonena mau amodzi, monga TOAWUM la anchito a fodya. Tikapitirira kuphunzitsa ana athu kuti wonyanyala ali yense ali waumbombo, adzacita manyazi kulowa m'mabungwe otere. Ndipo nyengo yogulitsa fodya ikatha, mnyamata wathu adzaima yekha pa khonde la mwini munda, uyo alikuwerenga m'buku mwace ngongole ya cimanga, ya mcere ndi ya feteleza, kufikira pa malipiro a caka conse patatsala zosakwana ulendo wa kwao.