MAPHUNZIRO APAMWAMBA AFIKE KU ZIGAWO

Pamene Yunivesiti ya Zambia inatsegulidwa mu Lusaka m'caka ca 1966, inayamba ndi ophunzira 312. M'caka ca 1987 Boma linakhazikitsa yunivesiti yaciwiri, ya Copperbelt, mu Kitwe, ndipo ya Mulungushi mu Kabwe inatsatira mu 2008. Pambuyo pace zinabwera zina, monga ya Kapasa Makasa ku Chinsali. Iyi ndi nchito yoyamikika, koma siinathe.

Kuyambira mu 2022 ana aphunzira kwaulere m'masukulu a Boma kufikira Geredi 12. Motero caka ndi caka anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu adzacuruka, ndipo onsewo adzafuna malo m'makoleji. Ngati malowo sacurukitsidwa, ana anzeru adzabwerera kumudzi ndi satifiketi m'manja, kapena kukangoyendayenda m'makomboni a m'tauni.

Koma funso lalikuru ndi lakuti malo atsopanowo amangidwe kuti. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi ulendo wa makilomita oposa 500. Mlimi wa ku Lundazi kapena ku Petauke amene mwana wace wapeza malo m'tauni ayenera kupeza ndarama za basi, za nyumba ndi za cakudya. Ambiri alephera pamenepa, ndipo kawirikawiri amene atsala kunyumba ndi mwana wamkazi.

Dziko la Ireland linayesa njira yofunika kuiganizira. Pansi pa lamulo la mu 2018, makoleji a zaluso a m'zigawo anaphatikizidwa, ndipo pakati pa 2019 ndi 2022 panabadwa mayunivesiti asanu a zaluso. Sanayambe pa thengo ai. Anakuza zimene zinalipo kale.

Cigawo ca Kum'mawa naco ciri ndi poyambira. Mu Chipata muli sukulu ya nchito za manja ndi koleji ya aphunzitsi, ku Katete kuli koleji ya malonda a zaulimi, ndipo ku Msekera kuli malo ofufuzirako za mbeu. Malo otere atagwirizanitsidwa ndi kukuzidwa, mwana angaphunzire pafupi ndi kwao zinthu zimene kwao zifunika: kuyenga mafuta a nshawa, soya ndi mpendadzuwa, kukonza mathirakitala, kukumba zitsime ndi kuika magetsi a dzuwa. Cilala ca mu 2024, cimene cinaononga cimanga ndi kucepetsa madzi a ku Kariba, cinasonyeza poyera kuti akatswiri a zothirira ndi a magetsi afunika m'boma liri lonse.

Komabe pali cenjezo. Kusintha dzina pa cikwangwani sikupanga yunivesiti. Pafunika aphunzitsi odziwa, makina ogwira nchito, mabukhu ndi nyumba zogonamo atsikana. Popanda izi, makolo adzagulitsa ng'ombe zao kulipirira pepala lopanda phindu.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Boma lipereke zipangizo ndi aphunzitsi. Mafumu apereke malo omangapo. Makomiti a ndarama za CDF, zimene zinakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iri yonse mu 2022, agawe thandizo la maphunziro a zaluso mosakondera. Makolo naonso aleke kuyesa nchito ya manja ngati ya wolephera sukulu, pakuti wokonza pampu ya pamudzi ndiye amwetsa mudzi wonse.