Asiyeni aionerenso filimu yomweyo

Pali funso limene anthu omwe ali ndi autism amafunsidwa mpaka kutopa nalo: "Kodi filimu imeneyi sunaionere kale?" Inde anaionera, mwina kakhumi, mwina kopitirira apo. Ine ndikuti asiyeni aionerenso, chifukwa chizolowezi chimenechi chili ndi ntchito yake.

Kufuna kuti zinthu zikhale monga zinalili dzulo ndi chimodzi mwa zizindikiro zimene dokotala Leo Kanner analemba mu 1943, atafufuza ana 11 ku Baltimore, m'dziko la America. Kwa munthu wa autism, tsiku wamba limadza ndi zodzidzimutsa zambiri: phokoso la m'minibasi, magetsi othobwa m'maso, mphunzitsi wosintha nthawi ya kalasi mwadzidzidzi, nkhope za anthu zovuta kuzimvetsa. Pofika madzulo mutu umakhala utalema. Koma filimu yoidziwa kale simudzidzimutsa. Amadziwa pamene nyimbo iyambire, amene akwiye, ndi mmene nkhani ithere. Kwa maola awiri mtima umakhala m'malo.

Nthawi zina kubwerezaku kumaphunzitsanso. Owen Suskind anasiya kulankhula ali ndi zaka zitatu, ndipo ankangokhalira kuonera makatuni a Disney. Patapita nthawi, makolo ake anazindikira kuti mwanayo analoweza mawu a m'makatuniwo ndipo ankawagwiritsa ntchito pomvetsa zomwe zinkamuchitikira. Tsiku lina bambo ake, mtolankhani Ron Suskind, anatenga chidole cha Iago, mbalame ya m'filimu ya Aladdin, n'kulankhula naye m'mawu a mbalameyo. Owen anayankha, ndipo anacheza. Nkhaniyi ili m'buku la Life, Animated la mu 2014. Si ana onse angatsate njira ya Owen, koma akanamulanda matepi aja, makolo ake akanataya njira imene anamufikira nayo.

Ndiponso tisadzinamize, enafe timachitanso zomwezo. Mu 2020, Covid-19 itavuta, kampani ya Nielsen inapeza kuti anthu a ku America anathera mphindi zoposa 57 biliyoni akuonera The Office, sewero limene linatha mu 2013. Tili ana tinkakakamiza agogo kutibwerezera nthano ya Kalulu yomwe tinkaidziwa kale mathero ake. Bwanji tsono mnzathu wa autism akachita zomwezo timati wasokonezeka?

Otsutsa ali ndi mfundo imodzi yomveka: filimu ikhoza kudya tulo, makalasi ndi macheza. Zoona. Koma choyenera kuyang'ana ndi zimene kuonerako kukulepheretsa, osati kuwerenga kuti waionera kangati. Ngati wophunzira akugona bwino, akudya ndipo akupereka ntchito yake pa nthawi, vuto palibe. Ngati zikumusokoneza, gwirizanani nthawi yoonera ndipo mumuchenjeze isanathe. Kuzimitsa wailesi ya kanema mwadzidzidzi n'kumupatsa chidzidzimutso chomwe amachithawa chija.

Kwathu kuno mwana wotere amatchedwa wamakani, mwinanso wolodzedwa, ndipo ena amakwapulidwa chifukwa cholirira katuni. Ife ophunzira, amene mawa tidzakhale aphunzitsi ndi makolo, tingayambe kusintha zimenezi m'mahostelo momwe muno. Mnzanu wa m'chipinda akatsegulanso filimu ija, m'malo momuseka mubwerekeni mahedifoni, kapena khalani naye pansi mumufunse gawo limene amalikonda kwambiri. Mwina aka kadzakhala koyamba kuti wina amufunse zimenezo.