Ana athu osamva tikuwalipirira sukulu zimene palibe akuziyendera

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera pa tsamba lanuli pa nkhani imene makolo a kuno ku Chifunde timangoikamba chapansipansi pamaliro ndi pamsika wa fodya, koma kwa akuluakulu siifika. Lamulo la maphunziro la dziko lino la Mozambiki, nambala 18 la chaka cha 2018, limati mwana aliyense aziphunzira kuyambira kalasi yoyamba mpaka ya 9 popanda kholo kulipira ndalama yolembetsera. Ife amene tili ndi ana osamva, osaona kapena ochedwa kugwira zinthu tikulipira, ndipo ndalamazo zikupita kwa anthu amene palibe akuwafunsa chimene akuphunzitsa.

Ndine mlimi wa fodya ndi chimanga kuno ku Mualadzi. Mwana wanga wamkazi anabadwa bwinobwino, koma anadwala malungo aakulu asanayambe kulankhula zomveka, ndipo atachira makutu anatseka. Atakwanitsa zaka 6 ndinakamulembetsa pa sukulu ya boma monga ana ena onse. Aphunzitsi anamulandira, sindiwanamizira ayi. Anamukhazika kutsogolo n'kumupatsa buku laulere. Koma m'kalasi mmene ana adzaza mpaka pakhomo, mphunzitsi mmodzi amene sanaphunzirepo chinenero chamanja akanatani naye? Ankaphunzitsa atayang'ana bolodi, mwana n'kumangoona msana. Zapabolodi ankakopera mwaukhondo mpaka kope kudzaza, koma ukamulozera chimene walemba sankadziwa kuti chikunena za mbuzi kapena za mtsinje. Chaka chikatha ankakwera kalasi limodzi ndi anzake.

Apa m'pamene amalowera a sukulu zolipira. Mbiri yawo imayenda m'matchalitchi ndi m'maminibasi: kuli mayi wina m'tauni amene amasunga ana otere, mwana wa uje anapita wosalankhula, anabwera akutchula mayi ake. Kholo limene latopa silifunsa zambiri. Ine ndi mayi a kunyumba tinakambirana ndi atsibweni ake a mwanayo, tinagwirizana, ndipo tinakamusiya m'tauni ina ya m'chigawo chino cha Tete. Dzina la malowo sinditchula. Tinalipira yolembetsa, ya yunifolomu, yogona, kuwonjezapo matumba a chimanga ndi nyemba. Lisiti sanatipatse. Chilolezo cha boma chopachika pakhoma sindinachione, ndipo nditafunsa anandiuza kuti mapepala ali m'njira.

Muone nthawi imene ndalamazi zimafunika. Sukulu zimatsegulira chakumayambiriro kwa chaka, fodya akadali m'munda, nkhokwe zitayera. Ndalama ya mlimi wa kuno imabwera akagulitsa mabelo, mvula itatha. Ndiye kholo limakatenga katapila, kapena kugulitsa feteleza amene linatenga pangongole, mwina mbuzi. Pofika pa msika wa fodya theka la ndalama lili kale ndi eni ake.

Zimene ndinakapeza nditapita mosawadziwitsa n'zimene zandilembetsa kalatayi. Ana onse anali m'chipinda chimodzi, aang'ono ndi aakulu omwe: osamva, akhunyu, opuwala miyendo, ndi ena amene safuna kukhudzidwa ndipo phokoso limawasautsa. Wailesi yakanema inali ikulira. Wowayang'anira anali mtsikana mmodzi, wamtima wabwino ndithu, koma amene anandiuza yekha kuti sanapiteko ku maphunziro a uphunzitsi. Mwana wanga, poti ndi wamphamvu ndipo manja ndi miyendo n'zabwino, ndiye anali wotunga madzi, wotsuka mbale ndi wobereka anzake aang'ono. Kope lake linali ndi masamba ochepa olembedwa kuposa la ku sukulu ya boma. Nditafunsa mwini malowo, yankho linali loti, "Bambo, ana oterewa safuna changu." Changu sindinkafuna. Ndinkafuna kuona chimene ndalama yanga inagula.

Chabwino chimodzi chinatuluka kumeneko, ndipo sindichibisa. Panali mnyamata wamkulupo wosamva amene anaphunzirako chinenero chamanja ku Beira asanabwerere kwawo. Madzulo ankasonkhanitsa anzake osamva kuseri kwa nyumba n'kumawaphunzitsa: madzi ndi chonchi, njala ndi chonchi, dzina lako ndi ili. Mwana wanga anabwera kunyumba ali ndi dzina la m'manja, akutha kutiuza pamene pakupweteka ndi amene wamuputa. Kale akakhumudwa ankangogenda zinthu, ife n'kumati ndi wamwano. Zonsezi anazipeza kwa mnzake wolipira fizi ngati iye. Mnyamata ameneyo akanalembedwa ntchito pa sukulu ya boma, ine sindikanagulitsa mbuzi ngakhale imodzi.

Sindikuti onse olipiritsa ndi akuba. Kwathu kuno kuli aphunzitsi opuma pantchito amene masana amakhala ndi ana pakhonde kuwathandiza kuwerenga, malipiro ake ndowa ya chimanga. Ndi anthu oona mtima, ndipo iwo eni amanena kuti za manja ndi za zilembo za Braille sazidziwa. Vuto ndi loti kholo la kumudzi lilibe njira yosiyanitsira munthu wotere ndi uja amene wangolemba chikwangwani n'kugula mipando.

Makolo ena amayang'ana kutsidya. Kwa ife malire a Cassacatiza ndi Chanida si chotchinga chachikulu. Abale athu ali ku Katete ndi ku Chadiza, chinenero n'chimodzi, ndipo mwezi wa Ogasiti mafumu athu amapita ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ku Magwero, pafupi ndi Chipata, amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anayamba kuphunzitsa ana osaona mu 1905, ndipo pambuyo pake anatsegula sukulu ya ana osamva. Ku Malawi kuli sukulu ya osamva ku Mua m'boma la Dedza, ya osaona ku Chilanga m'boma la Kasungu, ndi koleji ya Montfort ku Nguludi imene imaphunzitsa aphunzitsi a ana amenewa. Ndikudziwa mabanja amene anawolotsa ana kukakhala kwa azakhali awo kuti apeze mwayi wotere, ndipo sindiwaweruza. Koma mwana amene waphunzira kumeneko amabwera ndi Chingelezi ndi manja a ku Zambia kapena a ku Malawi, pamene mayeso a kuno ndi a Chipwitikizi ndipo chinenero chamanja cha ku Mozambiki n'china. Akafika ku chipatala kapena ku ofesi ya kwawo komwe amakhalanso mlendo. Komanso mwana wamkazi wosamva, amene sangakuwe n'kufotokoza chimene chamuchitikira, si wongomutumiza kutali mtima uli m'malo.

Akuluakulu adzayankha kuti boma silinakhale chete, ndipo n'zoona. Mu 1998 linayamba ndondomeko yoti ana olumala aziphunzira pamodzi ndi anzawo. Mu 2012 dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala. Malamulo aakulu a dziko, pa ndime 125, amalonjeza kuti boma lidzatukula chinenero chamanja. Pali ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ya 2020 mpaka 2029, ndipo mu 2024 aphungu anakhazikitsa lamulo loteteza ufulu wa anthu olumala. Kuli sukulu ya osaona ku Beira, sukulu zapadera ku Maputo ndi ku Beira, ndi malo atatu a maphunziro ophatikiza otchedwa CREI, ku Macia m'chigawo cha Gaza, ku Anchilo m'chigawo cha Nampula ndi ku Matundo mumzinda wa Tete. Koma malo a ku Tete amenewo anamangidwira zigawo zonse za pakati pa dziko lino, ndipo kuchokera kumalire kuno kukafika kumeneko ndi ulendo wa makilomita oposa 200 pa msewu wa N9. Makolo ambiri amene ndimacheza nawo sanamvepo n'komwe kuti malowo alipo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Malamulo onsewa kwa ife akadali pachala.

Pali china chimene chimatitsekera pakamwa. Mwana akakhala wolumala, pamudzi pamayamba manong'onong'o oti analodzedwa, kapena bambo ake anamukhwimira kuti fodya azichita bwino. Amuna ena amangonyamula zovala n'kubwerera kwawo, mayi n'kutsala yekha ndi mwanayo. Mayi wotere akabedwa ndalama ndi sukulu yolipira sapita kwa mfumu kapena ku ofesi, poopa kuti nkhani ya mwana wake ikambidwanso pabwalo. Eni sukuluzo zimenezi akuzidziwa.

Pempho langa kwa a maphunziro si lalikulu. Ofesi ya maphunziro ya m'boma lililonse iyendere malo onse amene akusunga ana olumala molipiritsa, ione chilolezo, ione pogona atsikana, ifunse amene akuphunzitsa kuti anaphunzira kuti. Amene akuchita bwino awathandize ndi mabuku ndi maphunziro, enawo awatseke, ndipo mayina a ovomerezeka alengezedwe pa Rádio Moçambique m'Chinyanja, chifukwa chidziwitso chomata pakhomo la ofesi m'Chipwitikizi sichifika kwa mayi wa ku N'sadzo. Wailesi yomweyo inene nthawi yolembetsa ku Matundo ndi mapepala ofunika.

Chachikulu koposa ndi mphunzitsi. Sukulu zathu zinagawidwa kale m'magulu a ZIP, ndipo aphunzitsi a m'gulu limodzi amakumanakumana. Sukulu zophunzitsa aphunzitsi za ku Chitima ndi ku Angónia zitatulutsa anthu odziwadi manja, osati a semina ya masiku ochepa, n'kuika mmodzi pa ZIP iliyonse, ana osamva a midzi yoyandikana akanamakumana pamalo amodzi n'kumagona kwawo. A bungwe la osamva la ASUMO ndi la osaona la ACAMO ali ndi anthu amene chinenero chimenechi ndi zilembo zimenezi n'zawo. Boma liwalembe ntchito yothandiza m'kalasi ndipo liziwalipira. Ifenso makolo atiphunzitse, poti mwana amakhala nafe nthawi yaitali kuposa kusukulu, ndipo panopa m'nyumba mwanga mphunzitsi wa manja ndi mwanayo.

Kulembetsa ana a chaka chamawa nthawi zambiri kumayamba mu Okutobala. Nthawiyo isanafike, a maphunziro a m'boma la Chifunde ayankhe pa tsamba lomweli, atchule sukulu imodzi yokha ya boma m'dera lino imene ili ndi mphunzitsi wodziwa chinenero chamanja. Ngakhale ikhale kutsidya kwa mtsinje wa Luia, njinga ndili nayo, ndidzapita naye mwana wanga.

Kholo lodandaula,
Mualadzi, Chifunde