Kompyuta Ikati "Dikirani", Mwana Atani?

M'makomo ambiri a ku Chikwawa tsopano muli kachipangizo kowala: foni ya bambo, tabuleti, kapena laputopu yakale imene m'bale anatumiza kuchokera ku Joni. Kusukulu nakonso zinthu zasintha. Kuyambira 2023 boma lakhala likufikitsa matabuleti otchajira sola m'sukulu za pulayimale kudzera mu ndondomeko ya BEFIT, kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzirirapo kuwerenga ndi masamu. Mwana wa lero chipangizo achigwira ndithu, tifune tisafune. Chimene ife makolo tingasankhe ndi ntchito imene azigwira nacho.

Mwezi uno tikambirane za mapulogalamu amene amaphunzitsa ana kupanga okha masewera ndi nthano pakompyuta, komanso za chinthu chimene chimagwetsa ulesi mabanja ambiri akangoyamba: update. Update ndiyo imatha bandulo usiku umodzi, imazimitsa kompyuta mwana ali pakati pa ntchito, ndipo nthawi zina imatiuza kuti chipangizo chathu chakalamba. Nkhaniyi ili ndi njira yake, ndipo yambiri ili m'manja mwathu.

Kumanga ndi mabuloko

Kale, wofuna kulamula kompyuta ankayenera kulemba mizere ya malamulo m'Chingerezi chovuta, ndipo kungoiwala kadontho kamodzi zonse zinkaima. Mu 2007, gulu lotsogoleredwa ndi Mitchel Resnick pa yunivesite ya MIT ku America linatulutsa pulogalamu yaulere yotchedwa Scratch, yopangira ana a zaka 8 mpaka 16. Mu Scratch mwana salemba malamulo. Amakoka timabuloko tamitundumitundu n'kumatilumikiza ngati akuyala njerwa. Tabuluu timayendetsa chithunzi, tapepo timasintha maonekedwe ake, tachikasu timauza kompyuta nthawi yoyambira. Buloko iliyonse ili ndi kaumbidwe kake, moti imene siyenera pamalopo imakana kulowa. Akamaliza amadina kambendera kobiriwira, ndipo kamphaka ka pasikirini kamachita zimene wakalamula.

Zimene mwana amaphunzira pamenepo si zachilendo pakhomo. Mayi akamaphika nsima amatsata ndondomeko: madzi atenthe, phala lithakathe, kenako athire ufa ndi kuvundula, kuthira ndi kuvundula, mpaka nsima italimba. Mu Scratch muli buloko yolembedwa "repeat until", kutanthauza bwereza mpaka chakuti chichitike. Mulinso ya "if … then", ngati chakuti chachitika, chita chakuti. Mwana wa ku East Bank angajambule mtsinje wa Shire ndi mtengo woyezera madzi wokhala ndi mzere wofiira, n'kulamula kuti madzi akangokhudza mzerewo belu lilire ndipo anthu a pachithunzi athamangire kumtunda. Wina angalamule kamphaka kuyenda masitepe 100, kukhota madigiri 90, n'kubwereza kanayi. Akaona kabwerera pamene kanayambira, wamvetsa sikweya kuposa mmene akanamvera poloweza.

Phindu lalikulu ndi kuleza mtima. Masewera akakana kuyenda, mwana amabwerera m'mbuyo, buloko ndi buloko, kufufuza pamene wasokoneza. Khalidwe limenelo adzaligwiritsa ntchito m'munda wa thonje, m'golosale, ngakhale m'chipatala.

Scratch ili ndi mtundu woika pakompyuta umene umagwira ntchito popanda intaneti. Ana a zaka 5 mpaka 7 ali ndi ScratchJr, imene inatuluka mu 2014 ndipo imayenda bwino patabuleti. Amene ali ndi foni yokha angayese OctoStudio, imene gulu lomwelo la ku MIT linatulutsa mu 2023, yaulere ndiponso yosalira netiweki mukangoiika.

Mavuto amene update imabweretsa

Chipangizo chilichonse chili ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse: Windows pa malaputopu ambiri, Android pa mafoni ambiri. Eni ake amatumiza zokonza nthawi ndi nthawi kudzera pa intaneti. Microsoft imatumiza zake mwezi uliwonse, Lachiwiri likafika kachiwiri m'mwezimo. Dongosolo limeneli limayenda bwino kumene magetsi sazimazima ndipo intaneti amalipira pamwezi mosawerengera. Kuno kwathu limakumana ndi zinthu zinayi.

Choyamba ndi bandulo. Mukalumikiza laputopu ku hotspot ya foni yanu, nthawi zambiri laputopuyo imangoona kuti yapeza Wi-Fi. Sidziwa kuti ndi bandulo imene mwagula ndi ndalama ya ndiwo. Imayamba kukoka update mwakachetechete, ndipo update yaikulu imadya ma GB angapo. Pakutha pa ola, mwana amanenedwa kuti watha data ndi mavidiyo, chikhalirecho sanalakwe.

Chachiwiri ndi ntchito yotayika. Update ikalowa, kompyuta imafuna kuzima ndi kuyakanso. Scratch ya pakompyuta sisunga yokha zimene mwana wapanga. Ngati anasiya laputopu yoyaka n'kupita kukatunga madzi, angapeze masewera amene wawamanga masiku atatu palibe. Madzi akatayika saoleka, ndipo ana ambiri amasiyira pomwepo.

Chachitatu ndi magetsi. Update ikamalowa, sikirini imachenjeza kuti musazimitse kompyuta. Ife a kuno tikudziwa kuti zimenezo sizili kwa ife tokha. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira m'boma lathu lomwe lino, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo panapita chaka ndi miyezi ingapo makina onse asanabwerere. Ngakhale masiku abwino, magetsi amathima osatsanzika. Malaputopu ambiri akaunjika amabwera ndi batire yotopa, ndipo kompyuta ikazima pakati pa update nthawi zina imakana kuyakanso mpaka itapita kwa wokonza ku Nchalo kapena ku Limbe.

Chachinayi ndi kutentha. Opanga malaputopu ndi mafoni ambiri amalangiza kuti azigwiritsidwa ntchito pamalo osapitirira madigiri 35. Ku Ngabu ndi ku Nchalo, mu Okutobala ndi Novembala, masana amadutsa 40. Update imagwiritsa makina ntchito yolemetsa kwa nthawi yaitali, ndiye laputopu yotentha kale imayenda ngati kamba, kapena imadzizimitsa yokha.

Nawo mapulogalamu a ana amasintha. Scratch 2.0 ya mu 2013 inkadalira Adobe Flash, imene eni ake anasiya kuisamalira pa 31 Disembala 2020. Scratch 3.0 inatuluka mu Januwale 2019, ndipo ya pakompyuta imafuna Windows 10 kapena yoposa. Ntchito yosungidwa mu Scratch yakale imatseguka mu yatsopano, koma yosungidwa mu yatsopano sitseguka mu yakale. Ana awiri obwerekana fulashi amadabwa pamenepa, wina n'kumaganiza kuti mnzake wamuonongera.

Tisaikane, tiisankhire nthawi

Poona zonsezi, ena amauza wokonza makompyuta kuti atsekeretu update mpaka kalekale. Tikumvetsa, koma pa chipangizo chimene chimalowa pa intaneti imeneyo si nzeru. Update zambiri zili ngati katemera: zimatseka mipata imene akuba amalowera. Mu Meyi 2017, pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry inatseka makompyuta m'mayiko oposa 150. Ku England zipatala za boma zinabweza odwala masauzande ambiri amene anali ndi tsiku loonana ndi dokotala. Chomvetsa chisoni n'chakuti chigamba chotseka mpata umenewo chinali chitatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho, koma makompyuta ambiri anali asanachilandire. Foni imene mumasungiramo ndalama ndi kulandirira mauthenga a kubanki iyenera kulandira katemera wake.

Chofunika n'chakuti tsiku ndi ola musankhe ndinu. Nazi njira zake.

1. Uzani laputopu kuti intaneti yanu ndi yogula. Pa Windows lowani mu Settings, kenako Network & Internet, sankhani dzina la hotspot yanu, ndipo yatsani pamene palembedwa Metered connection. Update zambiri zimadikira mpaka mutazilola.

2. Imitsani update mwana akakhala ndi ntchito. Pa Windows Update pali Pause updates, imene imaimitsa mpaka masabata asanu. Palinso Active hours, pamene mumaikapo maola amene kompyuta isazime yokha.

3. Pa foni ya Android, lowani mu Play Store, Settings, Network preferences, Auto-update apps, n'kusankha kuti mapulogalamu asamadzisinthe okha. Mudzasinthe amene mukuwafuna mukakhala ndi bandulo yokwanira.

4. Patulani tsiku limodzi pamwezi la update. Likhale m'mawa kwambiri kapena madzulo kukazizira, batire itadzaza, chaja ili pamagetsi. Ikani laputopu patebulo kapena pathabwa, osati pamatiresi kapena pamiyendo, kuti mpweya uzidutsa pansi.

5. Phunzitsani mwana kusunga. Mu Scratch adine File, kenako Save to your computer, nthawi iliyonse akamaliza kagawo. Pakutha pa sabata akopere mafayilo ake pafulashi. Fulashiyo ikhale ya ntchito imeneyo yokha, isamapite kobenera nyimbo kumsika, chifukwa kumeneko n'kumene imatenga mavairasi.

6. Sungani pafulashi fayilo imene munaikira Scratch. Kompyuta ikadzafufutidwa, simudzagulanso bandulo yoikokera, ndipo mungagawireko anansi kuti ana a m'mudzi akhale ndi mtundu umodzi.

Nanga laputopu yakale ija?

Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kutumiza update zaulere za nthawi zonse ku Windows 10, ngakhale inatsegula njira yolembetsa kuti kompyuta ilandirebe zachitetezo zokha mpaka pa 13 Okutobala 2026. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4 GB, malo a 64 GB, purosesa yatsopanopo, ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Malaputopu ambiri amene ali m'makomo mwathu sakwanitsa zimenezi, ndipo sikirini imakumbutsa mobwerezabwereza.

Uthenga umenewo usakuthamangitsireni ku katapila. Laputopu ya Windows 10 sinafe. Imayaka, imalemba, ndipo Scratch imayenda monga kale. Chimene yataya ndi chitetezo pa intaneti. Choncho igawireni ntchito yoyenera msinkhu wake: ikhale ya ana yophunzirira, yosalumikizidwa ku intaneti, ndipo za kubanki muzichitira pa chipangizo chimene chikulandirabe update. Kompyuta yosalowa pa intaneti sidya bandulo, sidzizimitsa chifukwa cha update, ndipo sibweretsa zithunzi zosayenera pamaso pa mwana. Kwa banja la ana aang'ono, imeneyo ndi mphatso.

Amene mukufuna kugula yakaunjika, safunsa anadya phula. Funsani wogulitsa ayatse, muone nokha ngati ili pa Windows 11, ndipo ayizule pamagetsi muone kuti batire ikhala nthawi yotani.

Magetsi akazima, phunziro lisazime

Luso la mabuloko limakhala m'mutu mwa mwana, ndipo likhoza kukula popanda sikirini. Jambulani mabokosi pansi ngati a phada. Dulani katoni, pa chidutswa chilichonse mulembepo lamulo limodzi: pita kutsogolo, khotera kumanja, khotera kumanzere, bwereza katatu. Mwana mmodzi ayale makhadiwo, mnzake akhale "mbuzi" imene iyenera kufika kukhola osaponda bokosi la dimba la agogo. Mbuziyo isaganize, ingotsata makhadi monga ayalidwira. Ikalowa m'dimba, onse afufuze khadi limene lasokoneza. Ana amaseka mpaka kugwa pansi, koma akuphunzira zomwezo zimene akanaphunzira pakompyuta, ndipo akuyendetsa thupi.

Pomaliza, tisaiwale thanzi. Bungwe la World Health Organization linalangiza mu 2019 kuti ana osakwana zaka ziwiri asamaikidwe pa sikirini, ndipo a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Kwa okulirapo, theka la ola kapena ola limodzi lopanga chinthu ndi lokwanira, ntchito za pakhomo ndi za kusukulu zitatha. Pakapita mphindi 20 ayang'ane kutali kwa kanthawi kuti maso apume, botolo la madzi akumwa likhale pafupi, ndipo chipangizo chizimitsidwe nthawi yogona isanayandikire. Batire ikatupa, musaigwiritsenso ntchito kapena kuitchaja, chifukwa ikhoza kuyaka moto.

Sabata ino, khalani pansi ndi mwana wanu mphindi khumi. Yatsani Metered connection pamodzi, lembani pakalendala tsiku la update la mwezi uno, ndipo mumupemphe akuonetseni chimene wapanga. Ngakhale inu simunagwirepo kompyuta, mufunseni kuti, "Nanga kamphakaka ukufuna kachite chiyani?" Akayamba kukufotokozerani, mudzadabwa kuti mwana uja amaganiza mozama bwanji.