Buku lokoma ndi lomwe lakhudza pabala

Masabata atatu apitawo ndidalemba patsamba lino za buku lothaitha lomwe ndidagula kwa mnyamata wina wogulitsa mabuku akale pakhonde la sitolo mu Limbe. Chikuto chidali chitachoka ndipo chiswe chidali chitalawa kale m'mphepete mwa masamba, komabe bukulo lidandigoneka mochedwa masiku anayi. Lidali Red Country, lolembedwa ndi Joe Abercrombie wa ku England. Pomaliza ndidapempha kuti ngati alipo wina m'dziko muno amene adawerengako mabuku a mkuluyu andilembere. Kunena zoona, ndinkaona ngati ndikungodziyankhulira ndekha.

Abale anzanga, ndidalakwitsa. Makalata abwera, ndipo eni ake sakumvana m'pang'ono pomwe. Aliyense akuti buku lomwe iye amalikonda ndiye lopambana, enawo ndi ongoperekeza.

Ndiyambe ndathandiza omwe dzinali mukulimva koyamba. Abercrombie adabadwa m'chaka cha 1974 mumzinda wa Lancaster. Adaphunzira za kaganizidwe ka munthu payunivesite ya Manchester, ndipo asanatchuke ankadyera ntchito yodula ndi kulumikiza zithunzi za kanema. Buku lake loyamba, The Blade Itself, lidatuluka mu 2006. Kenako kudabwera Before They Are Hanged mu 2007 ndi Last Argument of Kings mu 2008. Atatuwa ndi nkhani imodzi yotchedwa The First Law. Atatero adalembanso ena atatu oima paokha, koma ochitika m'dziko lopeka lomwelo: Best Served Cold mu 2009, The Heroes mu 2011 ndi Red Country mu 2012. Mkangano wa awerengi athu wagona pa atatu omalizawa.

Dziko la m'mabukuwa simungalipeze pamapu. Ndi dziko la malupanga, mafumu, asilikali aganyu ndi amatsenga. Omwe mudaonerako Game of Thrones pa TV mukudziwa mtundu wake. Chosiyana ndi nkhani zambiri zotere n'chakuti muno mulibe ngwazi yoyera mtima yodzapulumutsa anthu. Wabwino amakhala ndi litsiro lake, woipa naye nthawi zina amakumvetsa chisoni, ndipo chilungamo chikabwera chimafika mochedwa, chili chotsimphina.

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi ena a ku Kasungu, omwe apempha kuti ndisawatchule dzina. Iwo akuti palibe loposa Best Served Cold. Dzina la bukuli lidachokera pamwambi wa Azungu woyerekeza kubwezera ndi chakudya chomwe chimakoma chikazizira. Kwathu kuno tingoti kubwezera ndi mkute. Nkhani yake ndi ya Monza Murcatto, mayi wolamulira gulu la asilikali aganyu m'dera la Styria. Iye ndi mlongo wake Benna amamenyera nkhondo mfumu Orso ya mzinda wa Talins, mpaka anthu wamba kuyamba kuwakonda kuposa mfumuyo. Orso achita mantha, apha Benna, Monza n'kumuponya kuphompho. Koma mayiyo safa. Adzuka mafupa ali othyokathyoka, dzanja lili lopuwala, n'kulumbira kuti amuna asanu ndi awiri omwe adali m'chipindamo tsiku limenelo awapha mmodzimmodzi.

Mayi a ku Kasunguwa akuti amuna awo atamwalira, achibale akuchimuna adatenga galimoto, mabedi mpaka mbale, nthawi yosesa isanakwane n'komwe. Kwa zaka zambiri ankagona akuwerenga maina a anthuwo m'mutu, ngati momwe Monza amawerengera ake. Choncho aliyense wa asanu ndi awiri aja akamagwa m'bukumo, iwo mtima unkachita kuti myaa.

Okonda kudzionera okha mathero a nkhani dumphani ndime ino. Chakumapeto Monza atulukira kuti mlongo wake uja, yemwe wamukhetsera mwazi wa anthu osawerengeka, ankakonzadi chiwembu cholanda mpando wa Orso, iye osadziwa. Mantha a mfumu ija adali ndi maziko. Mayiwa akuti atafika pamenepa adatseka buku n'kukhala duu, poti nawonso patapita zaka adamva kuti malemu amuna awo adakongola ndalama zambiri kwa akulu awo, chikole chake chili galimoto lija.

Mayi, ndikuyankheni poyera. Ngongole ya galimoto siilungamitsa kulanda mabedi ndi mbale za ana amasiye. Lamulo la dziko lino loteteza chuma cha masiye, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2011, limati kulanda chuma chotere ndi mlandu. Koma ndamva chomwe mukunena: chidani chimafuna nkhani yosavuta, ya oipa mbali iyi ndi olakwiridwa mbali iyo, ndipo choonadi chikabwera chimasokoneza mzerewo. Ine m'bukuli amandimvetsa chisoni kwambiri ndi Caul Shivers, mnyamata wakumpoto yemwe adapita ku Styria n'cholinga chokasiya zankhondo kuti akhale munthu wabwino. Njala idamulowetsa m'gulu la Monza, adataya diso ali m'manja mwa ozunza, ndipo pomwe nkhani ikutha iye ndi woopsa kuposa momwe adabwerera. Akuluakulu adati choipa chitsata mwini, koma bukuli likuonetsa kuti chimatsatanso omwe adangoperekeza.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo ena a ku Zomba, msilikali wopuma yemwe adakagwirako ntchito yosungitsa mtendere ku DRC. Iwo Best Served Cold akuiona ngati filimu yamasewera: mayi mmodzi wolumala angathe bwanji kugwetsa amuna asanu ndi awiri okhala ndi alonda? Kwa iwo buku ndi The Heroes, kutanthauza ngwazi. Koma musanamizike ndi dzinalo. Ngwazi zake ndi miyala ikuluikulu yoimikidwa mozungulira pamwamba pa kaphiri kena, pafupi ndi tauni ya Osrung. Buku lonselo, kukula kwake konse, likufotokoza nkhondo ya masiku atatu okha yolimbirana kaphiriko, pakati pa asilikali a ufumu wa Union ndi ankhondo akumpoto otsogozedwa ndi Black Dow.

Bambowa akuti aka n'koyamba kuwerenga nkhani yankhondo yosanama. Akutchula kudikira kosatha m'matope, malamulo ofika mochedwa kapena otsutsana, ndi akuluakulu okanganirana ulemu anyamata akufa kutsogolo. Akutchulanso mutu wina womwe mlembi amakulowetsa m'maganizo a msilikali mmodzi mpaka ataphedwa, kenako n'kukusamutsira mwa yemwe wamupha, nayenso mpaka ataphedwa, choncho choncho. Ukamamaliza mutuwo sudziwanso kuti uli mbali iti, poti aliyense adali ndi mantha ake ndi kwawo komwe ankafuna kubwerera.

Koma chomwe chidawagwira mtima ndi Beck, mnyamata wakumudzi yemwe adalowa nkhondo kufuna kutchuka ngati malemu bambo ake. Nkhondo itafika pakhomo adabisala m'kabati, ndipo potuluka ali njenjenje adabaya mnzake wa mbali yake yomwe. Omwe adamupeza pakati pa mitembo adayesa kuti wachita chamuna, n'kumupatsa dzina laulemu. Iye yekha ndiye ankadziwa zoona zake, ndipo pamapeto adasankha kubwerera kumunda kwa mayi ake. Bambo a ku Zomba sadalembe kuti adaona zotani ku DRC, nanenso sindiwafunsa. Angoti mendulo siinena zonse. Nkhondo ya m'bukuyo imatha akuluakulu atakhala pansi n'kugwirizana, kaphiri kaja n'kukasiya pomwepo.

Wophunzira wina wa ku Mzuzu watsutsa zonsezi. Iye akuti The Heroes ndi lotopetsa poti anthu amangozungulira phiri limodzi ndipo zamatsenga n'zochepa. Mphwanga, sunga bukulo, udzaliwerengenso ukadzafika zaka 40.

Kalata ina siikusankha buku ayi, ikundidzudzula. Mkulu wampingo wina wa ku Ntcheu akufunsa chifukwa chomwe ndikuonongera tsamba la nyuzipepala ndi mabuku a ufiti. Bambo, funso lanu ndalilandira ndi manja awiri, poti wakutsina khutu ndi mnansi. N'zoona kuti m'mabukuwa muli anthu otchedwa Eaters, omwe amapeza mphamvu podya nyama ya munthu, ndendende zomwe agogo athu ankanena za afiti. Koma mlembi sawatamanda, ndipo si iwo oopsa kwambiri. Woopsa ndi Bayaz, nkhalamba yadazi yooneka yanzeru, yomwe poyamba umaiyesa mlangizi wabwino wa achinyamata. Matsenga ali nawo, koma mphamvu yake yeniyeni ndi banki yotchedwa Valint and Balk, yomwe imakongoza ndalama mafumu ndi akuluakulu a boma. Akakongola basi, amavina nyimbo yake. Ndi katapila wa mafumu. Ngati pali phunziro lomwe Mmalawi angatole m'mabukuwa, ndi lakuti wokugwira pakhosi safunika kuuluka usiku pa lichero. Pepala losainidwa ndi lokwanira.

Ndiponso tisaiwale kuti nthano zathu zomwe sizidali zoyera. Kalulu yemwe tinkamuombera m'manja pamoto madzulo adali wabodza ndi wakuba, ndipo kawirikawiri ankapulumuka, wolangidwa n'kukhala Fisi wopusa. Agogo ankadziwa kuti mwana ayenera kumva kuti dziko lili ndi mano. Pamene ndikugwirizana nanu, bambo, ndi apa: mabukuwa si a ana. Muli mwazi, kutukwana ndi zakuchipinda. Kholo lisangoona lupanga pachikuto n'kugulira mwana wa Sitandade 7.

Tsono langa ndi liti? Ndikadali pa Red Country, ndipo lero ndinena chifukwa chomwe sindidanene ulendo wathawu. Nkhani yake ndi ya mtsikana Shy South, yemwe pobwera kumsika apeza nyumba yatenthedwa, ndipo abale ake aang'ono awiri, Ro ndi Pit, abedwa. Anyamuka kuwalondola limodzi ndi bambo ake omupeza, nkhalamba yaikulu thupi koma yofatsa, yomwe aliyense amaitcha Lamb, kutanthauza mwanawankhosa, poti imathawa mkangano uliwonse. Ulendo uli mkati, m'dera lopanda boma lomwe anthu akuthamangira golide, Shy ayamba kuona kuti kufatsa kuja kudali chivindikiro. Nkhalambayo ili ndi zala zisanu ndi zinayi, ndipo omwe adawerenga mabuku atatu oyamba aja amazindikira msanga kuti ndi munthu yemwe dzina lake lokha linkathawitsa midzi.

M'mudzi mwathu mudali agogo ena otero. Ankaweta mbuzi, samamwa mowa, samakweza mawu. Ndiwo adandiphunzitsa kutcha msampha wa mbewa ndi kusema mpini. Tsiku la maliro awo ndidadabwa kuona mayi ena oyandikana nafe atakhala pakhonde pawo akusankha nyemba, osapita kusiwa ngakhale kukathandiza kuphika. Usiku mayi anga adandiuza chifukwa chake. M'nthawi ya chipani chimodzi, agogo aja adali m'gulu la anyamata omwe ankaima pachipata cha msika kufunsa makadi. Tsiku lina adamenya amuna a mayiwo mpaka khutu limodzi kugontha. Zinthu zitasintha sadapite kukapepesa. Adangofatsa.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndi funso lomwe sindidalipezere yankho: kodi munthu akasiya zoipa n'kukhala chete, wasintha, kapena wangosowa mpata? Red Country silidandiyankhe, koma ndi buku loyamba lomwe lidafunsa funsoli mosandinamiza. Manja omwe Lamb adaphera anthu ndi omwewo akupulumutsa ana aja. Popanda chilombo chili mwa iye, anawo sakadapezeka. Koma chilombocho chikadzuka sichisankha woti chimulume. Ngakhale Ro, atapezeka, sabwerera monga adachokera, poti komwe adamutengera adayamba kukuona ngati kwawo. Pamapeto Lamb akwera hatchi n'kuchoka, podziwa kuti mlandu suola ndipo zakale zake zidzapitiriza kugogoda pakhomo la anawo. Agogo a kwathu aja sadachoke. Manda awo ndi nyumba ya mayi aja zili m'njira imodzi, ndipo ndikapita kumudzi ndimadutsa ponse pawiri.

Mukaona bwino, palibe mwa ife amene wasankha buku chifukwa cha luso la mlembi lokha. Mayi a ku Kasungu asankha pomwe adalandidwa, bambo a ku Zomba pomwe adaona anzawo akugwa, ine pomwe ndidakonda munthu yemwe ena adali ndi chifukwa chomveka chomudera. N'chifukwa chake sindilengeza wopambana. Kutero kungakhale kuuza wina kuti bala lake ndi laling'ono.

Kwa ofuna kuyamba, Best Served Cold ndi The Heroes mutha kuwawerenga musanaone ena aja, koma Red Country limakoma kwambiri ukadziwa kale mwini zala zisanu ndi zinayi. Onse ali m'Chingerezi, ndipo kwa ogulitsa mabuku akale amapezeka mwa apo ndi apo, choncho mukaliona musachedwe nako kunenerera.

Bambo a ku Zomba apempha kuti tisinthane: iwo anditumizire The Heroes, ine ndiwapatse Red Country langa lodyedwa ndi chiswe lija. Ndavomera, koma pali pempho limodzi. Akamaliza alitumize ku Kasungu. Ndikufuna kudzamva kuti mayi aja, omwe adakhala zaka akuwerenga maina a owalakwira, adzati chiyani za nkhalamba yomwe dzina lake lili pamndandanda wa anthu ena.